KODI TIPEMPHERERE AKUFA? NANGA PA MALIRO TIWERENGE MAWU ATI?



Lero ndikufuna tikambirane nkhani imene ambiri timaizemba mpaka tsiku limene yatigwera pakhomo. Pali mafunso awiri amene ife akulu a mpingo timafunsidwa kawirikawiri, nthawi zambiri monong'ona, kuseri kwa siwa kapena pobwerera kumanda. Loyamba ndi ili: kodi n'kulakwa kuwapempherera mayi anga amene anatisiya? Lachiwiri: kodi pa maliro tiwerenge Mawu ati? Mafunso awiriwa muzu wake ndi umodzi, ndipo yankho lake lagona pa funso lina: kodi mwambo wa maliro timachitira yani? Mpingo wathu umaphunzitsa kuti womwalirayo ali m'manja mwa Mulungu, kumene dzanja lathu silifika. Pemphero ndi Mawu a pa maliro n'za ife otsala. Tikamvetsa zimenezi tidzapemphera molimba mtima, ndipo tidzaleka kusandutsa Baibulo chikoti chokwapulira malemu kapena chiphaso chowalowetsera kumwamba.

Tiyambe ndi mawu amene tonse timawadziwa. Uthenga wa maliro ukangofika pa WhatsApp kapena pa Facebook, zala zimathamangira kulemba kuti mzimu wawo uuse mumtendere, ena amangoika zilembo zitatu zija, RIP. Ambiri salingalira kuti mawu amenewa ndi pemphero, ndipo ndi pemphero lopempherera wakufa. Anachokera m'mapemphero a Chilatini a mpingo wa Katolika, opempha Mulungu kuti apatse womwalira mpumulo. Sindikunena izi modzudzula munthu. Amene amalemba choncho amalemba ndi mtima wachikondi, ndipo pa tsiku la misozi palibe amene amafufuza kumene mawu anachokera. Koma ndi bwino kuti Mkhristu adziwe chimene pakamwa pake pakunena.

Abale athu a Katolika sanangodzuka tsiku lina n'kuyambitsa mwambowu. Ndi wakale ndithu. M'buku la 2 Amakabeo, mutu 12, muli nkhani ya mtsogoleri wa nkhondo, Yudasi Makabeo, amene anapeza kuti asilikali ake ophedwa anali atabisa zithumwa za mafano m'zovala zawo. Iye anasonkhetsa ndalama n'kuzitumiza ku Yerusalemu kuti akaperekere nsembe machimo a akufawo. Bukuli lili m'Baibulo la Akatolika, koma silili m'gulu la mabuku 66 amene ife timawalandira ngati Mawu ouziridwa. Monica, mayi wake wa Augustine, atatsala pang'ono kumwalira ku Ostia m'chaka cha 387, anauza ana ake kuti asavutike ndi za malo oika thupi lake, koma azimukumbukira pa guwa la Ambuye. Mpaka lero, pa 2 Novembala, Akatolika amapempherera akufa awo onse, chifukwa amaphunzitsa kuti kuli Puligatoliyo, kumene mizimu ya opulumuka imayeretsedwa isanalowe kumwamba, ndi kuti mapemphero a amoyo amaithandiza.

Mkangano unabuka pamene chiphunzitsochi chinasanduka malonda. M'chaka cha 1517, ku Germany, mlaliki wina dzina lake Johann Tetzel ankagulitsa zikalata za chikhululukiro, n'kumauza anthu kuti ndalama yawo imasula makolo awo ku masautso. Ichi n'chimene chinawawitsa mtima Martin Luther mpaka analemba mfundo zake 95. John Calvin ku Geneva anaphunzitsa kuti ngati mwazi wa Khristu unalipira mlandu wonse, palibe ngongole yotsala imene achibale angamalize kubweza. Pempho la Monica lija analiona ngati khumbo la mayi wokalamba limene mwana wake analilandira mwachikondi osaliyesa ndi Malemba. Calvin mwiniyo atamwalira mu 1564 anaikidwa m'manda opanda chizindikiro, monga anafunira.

Chiphunzitso chimenechi n'chimene chinafika kuno kwathu. Chivomerezo cha Westminster cha 1646, chimene anakulira nacho amishoni a ku Scotland amene anafika mu 1875 ndi 1876, chimanena m'mutu 21 kuti tipempherere amoyo ndi amene adzabadwe, koma osati akufa. Katekisimu wa Heidelberg wa 1563, cholowa cha amishoni a Dutch Reformed amene anayamba ntchito ku Mvera mu 1889, amaphunzitsa pa funso 57 kuti mzimu wa wokhulupirira umatengedwa kupita kwa Khristu pomwepo moyo uno ukatha. Choncho kaya ndinu a sinodi ya Livingstonia, ya Blantyre kapena ya Nkhoma, pa nkhaniyi mitsinje yonse imathira m'nyanja imodzi.

Makolo athu m'chikhulupiriro a ku Scotland aja anafika pokhwimitsa zinthu kwambiri. Buku la malongosoledwe a chipembedzo limene analandira mu 1645 linalangiza kuti maliro aziikidwa popanda kupemphera, kuwerenga kapena kuimba, poopa kuti anthu angaganize kuti zimenezo zikuthandiza wakufa. Pamenepo ife sitinawatsatire, ndipo tinachita bwino. Kuno maliro n'kulirana. Amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a Umanyano amachezera usiku wonse akuimba, abambo akusonkha moto panja, adzukulu akulawirira kumanda. Malemba satsutsa zimenezi: anthu opembedza anamulira kwambiri Stefano pomuika (Machitidwe 8:2), ndipo Ambuye wathu anakhetsa misozi pamanda a bwenzi lake Lazaro. Koma phata la chiphunzitso tinalisunga: zonsezi timachita kuti titonthozane ndi kulemekeza Mulungu, osati kuti tisinthe kumene malemu apita.

Nanga maziko ake m'Malemba ali pati? Taonani Davide pa 2 Samueli 12:15-23. Mwana wake akudwala, Davide anasala kudya, anagona pansi, akuchonderera Mulungu mpaka tsiku lachisanu ndi chiwiri. Mwanayo atamwalira, anadzuka, anasamba, anakapembedza, kenako anadya. Atumiki ake atadabwa, anawafotokozera kuti nthawi yochonderera inali pamene mwana anali moyo, ndipo chotsala n'chakuti tsiku lina iye adzamutsatira. Taonaninso wachifwamba wa pamtanda uja (Luka 23:39-43). Sanalowe kalasi, sanabatizidwe, palibe amene anamuchitira mwambo wa mpingo, koma Yesu anamulonjeza Paradaiso tsiku lomwelo. Paulo pa Afilipi 1:21-23 ndi pa 2 Akorinto 5:6-8 akuona imfa ya wokhulupirira ngati kuchoka kuno n'kukakhala ndi Khristu, popanda malo odikirira pakati. Ahebri 9:27 akuika chiweruzo pambuyo pa imfa imodzi. Ena amatchula 2 Timoteo 1:16-18, pamene Paulo akufunira Onesiforo chifundo cha Ambuye pa tsiku lomaliza, n'kumati munthuyu anali atamwalira. Koma lembalo silinena kuti anamwalira, ndipo mwambo wa mpingo wonse sungamangidwe pa kuyerekeza.

Ife amene tinakalambira m'maofesi a boma tikudziwa kuti fayilo ikakhala pa desiki panu mungathe kulembamo, kukonza ndi kupempha. Ikapita kwa mwini chigamulo, kalaliki amene akuithamangira m'khonde ndi cholembera sakuthandiza kanthu. Kusiyana kwake n'kwakuti m'maofesi fayilo imatha kusochera, kapena kugona m'kabati zaka kudikira woikankha. Kwa Mulungu kulibe zimenezo, ndipo Woweruzayo ndi yemweyo amene anatifera pamtanda.

Ena amamva ngati chiphunzitsochi n'chouma mtima. Ine ndikuti ndi chitonthozo chachikulu. Kumbukirani miyezi yoyambirira ya 2021, pamene mliri wa Covid-19 unatilanda ngakhale mwayi wochezera pa siwa, ndipo ena anaikidwa mofulumira achibale ataima patali. Kumbukirani mwezi wa Malichi mu 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, ndipo matupi a anthu ambiri sanapezeke. Chikhala kuti mpumulo wa munthu umadalira mwambo wa otsala, bwenzi anthu amenewa ali pati? Chikhala kuti umadalira kuchuluka kwa mapemphero, bwenzi wolemera wa abale ambiri atapambana gogo wosiyidwa amene anafa wopanda mwana womukumbukira. Inu amene simunathe kuponya dothi pamanda a bambo anu, inu amene munali ku Johannesburg kapena ku London uthenga ukufika, tulani katundu ameneyo. Kusowa kwanu pamanda sikunachotse kalikonse pa zimene Khristu anawachitira.

Tsono pa maliro tipemphere chiyani? Zopempherera n'zambiri. Choyamba, tiyamike Mulungu chifukwa cha moyo wa malemu, tikutchula zabwino zenizeni zimene tinaziona. Chachiwiri, tiwapereke m'manja mwa Mulungu. Kupereka n'kosiyana ndi kuchonderera: wopereka akuvomereza kuti udindo wake watha, ndipo akukhulupirira wolandirayo. Chachitatu, tipempherere anamfedwa powatchula: mayi wamasiye, ana amene fizi yawo imachokera m'thumba la malemu, gogo amene akuika mwana wake wachitatu. Chachinayi, tidzipempherere tokha, kuti ifenso tikonzeke. Mwachitsanzo, mkulu wa mpingo angathe kupemphera motere: Atate wakumwamba, tikuyamikani chifukwa cha mbale wathuyu ndi zaka zimene munatibwereka. Munamudziwa koposa mmene ife tinamudziwira, ndipo tikumusiya m'manja mwanu. Gwirani dzanja mkazi wake ndi ana ake usiku uno ndi masiku akudzawa. Letsani mikangano pa katundu wosiyidwa. Tiphunzitseni ife otsala kukhala okonzeka, mwa Yesu Khristu amene anauka kwa akufa. Ndipo polemba uthenga wa chipepeso, m'malo mwa zilembo zitatu zija, bwanji osanena kuti tikuthokoza Mulungu chifukwa cha moyo wawo, Ambuye atonthoze banja?

Tsopano tifike pa kusankha Malemba, pamene ndikufuna anzanga otsogolera miyambo amvetsere bwino. Pali maenje awiri amene timagweramo.

Dzenje loyamba ndilo kukwapula malemu ndi Baibulo. Ndinakhalapo pa maliro a mnyamata wina amene ankadziwika ndi mowa. Wolalikira anasankha Luka 16, nkhani ya mwini chuma ndi Lazaro wosauka, ndipo kwa ola lathunthu anafotokoza za malawi a moto akuloza bokosi. Mayi a mnyamatayo, Mkhristu wokhulupirika amene anamupempherera mwana wawo zaka zambiri, anangofunda chitenje kumutu osadzutsanso nkhope. Anzake a malemu, amene anabwera ochuluka ndipo tikanawakopa tsiku limenelo, ananyamuka mmodzimmodzi ulaliki usanathe. Ndiponso munthu wolemera wa m'fanizolo sanatsutsidwe chifukwa cha mowa, koma chifukwa chosasamala wosauka wa pachipata pake. Ngati tikukana kuti mapemphero athu angatulutse munthu m'chiweruzo, tikanenso kuti ulaliki wathu ungamulowetsemo. Palibe mkulu wa mpingo amene analipo mumtima mwa munthu pa mphindi yake yomaliza.

Dzenje lachiwiri ndilo kunyengerera. Akamwalira munthu wa ndalama, amene anagulira tchalitchi malata, timathamangira 2 Timoteo 4:7-8, mawu a Paulo onena za kumaliza bwino liwiro ndi kulandira korona, ngakhale mudzi wonse ukudziwa amasiye amene anawalanda munda. Achinyamata amamva, ndipo amaphunzira kuti kumwamba kumagulidwa. Pamenepo tabwerera ku malonda omwe aja a 1517, ngakhale tikudzitcha ana a Chikonzedwe. Lemba limenelo ndi labwino, koma tiliwerenge pamene omvera angavomereze popanda kuyang'anana.

Njira yodutsa pakati pa maenje awiriwa ndiyo kuika Khristu patsogolo, osati malemu. Msana wa mwambo uliwonse wa maliro ukhale lemba la kuuka kwa akufa: 1 Akorinto 15, Yohane 11:17-27, Yohane 14:1-6, Aroma 8:31-39, Chivumbulutso 21:1-5, kapena 1 Atesalonika 4:13-18. Pa lomalizali onani kuti Paulo sakuletsa kulira. Akuletsa kulira kwa anthu opanda chiyembekezo, ndipo akumaliza powauza kuti atonthozane. Choncho musamauze mayi wofedwa kuti Mkhristu salira. Pambali pa lemba la kuuka pakhale Salmo lopatsa ofedwa mawu onenera chisoni chawo, monga Salmo 23, 46, 90, 121 kapena 130.

Kenako lingalirani za imfa imene yachitikayo, pakuti mankhwala amodzi sachiza matenda onse. Akamwalira mwana, werengani Marko 10:13-16, pamene Yesu akufungatira tiana, kapena Yesaya 40:11, za mbusa wonyamula ana a nkhosa pachifuwa. Musafulumire kuponyera mayi wa mwanayo Yobu 1:21. Mawu ovomereza aja anatuluka pakamwa pa mwini maliro. Sanachite kuuzidwa ndi mlendo. Akamwalira mnyamata amene anali mzati wa mayi wamasiye, Luka 7:11-17, nkhani ya ku Naini, imaonetsa Yesu akuyamba ndi kuona mayiyo asanakhudze chithatha. Akamwalira mayi wa ntchito zachifundo, si nthawi zonse Miyambo 31. Pali Dorika wa ku Yopa pa Machitidwe 9:36-42, amene amasiye anamuchitira umboni poonetsa zovala zimene anawasokera. Akamwalira wokalamba wokhuta masiku, Salmo 90, kapena nkhani ya Simeoni pa Luka 2:25-32, kapena 2 Akorinto 4:16 mpaka 5:8, za thupi ngati msasa umene ukupasuka.

Imfa yadzidzidzi, ya pangozi ya galimoto, ya mphenzi kapena ya madzi osefukira, ndiyo imafuna nzeru zambiri, chifukwa pa maliro otere anthu amakhala akufunafuna wolakwa. Ena amati malemu anachimwa, ena amayamba kuloza chala gogo wina kuti ndi mfiti, ndipo tikudziwa kuti m'dziko muno okalamba ena amenyedwa ndi kuphedwa chifukwa cha mphekesera zoyambira pa siwa. Werengani Luka 13:1-5. Yesu akutchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, akukana kuti anali ochimwa koposa anzawo, ndipo akutembenuzira chenjezo kwa omvera okha. Lemba losankhidwa bwino lingathe kuzimitsa moto usanatenthe mudzi.

Nanga amene anamwalira atadulidwa mumpingo, kapena atabwerera m'mbuyo, kapena amene anadzipha? Malamulo onena za mwambo umene ungachitike alipo, ndipo ogamula ndi abusa pamodzi ndi bwalo la akulu a mpingo. Sindikuwatsutsa pano. Koma paliponse pamene tapatsidwa mpata wotsegula Baibulo, tikumbukire kuti akumva ndi amoyo, ndipo ambiri mwa iwo akudzitsutsa kale mumtima kuti chikhala ndinachita chakuti. Salmo 130 likulira kuchokera pansi pa dzenje lakuya, koma likudikira chikhululukiro cha Mulungu. Genesis 18:25 akutikumbutsa kuti Woweruza wa dziko lonse sadzalakwitsa mlandu wa munthu. Sitilonjeza zimene sitikudziwa, sitiweruzanso zimene sitinapatsidwe. Timangoloza anthu kwa Mulungu amene ali wolungama ndi wachifundo.

Ndiwonjezere malangizo ochepa a kachitidwe. Musasankhe lemba muli m'galimoto popita kumanda. Fikani pa siwa dzulo lake, khalani pamphasa, funsani a banja. Pemphani Baibulo la malemu. Kawirikawiri mudzapeza ndime zolembedwa mzere kunsi, ndipo malemu adzakhala atakusankhirani okha. Wowerenga auzidwe nthawi ilipo, ayesere, kuti asakapunthwe pa mayina pamaso pa anthu. Lingalirani omvera: akuluakulu amakonda Chichewa cha Buku Lopatulika la 1922 chimene anachiloweza ali ana, pamene achinyamata amamva msanga Buku Loyera la 1998. Malemba awiri owerengedwa modekha amaposa asanu ndi awiri othamangitsidwa. Ndipo inu a banja, sungirani Mawu nthawi. Si bwino kuti amfumu, akuchimuna, akuchikazi, a kuntchito ndi andale alankhule maola atatu, kenako abusa n'kuuzidwa kuti afupikitse chifukwa mvula ikubwera.

Zomwezi zikhale m'maganizo mwathu pa tsiku la chiliza. Kumanga chiliza ndi kukumbukira, ndi kusonyeza adzukulu athu pamene pagona makolo awo. Koma sikumasula mzimu, ndipo amene alibe ndalama ya simenti asagone ndi mantha kuti malemu akwiya. Ngati kusankha kuli pakati pa chiliza ndi fizi ya ana amasiye, yambani ndi fizi.

M'mabanja mwathu ambiri muli Akatolika, a Anglican ndi a mipingo ina. Azakhali anu akapereka Misa yopempherera agogo, musasandutse siwa bwalo la mtsutso. Akuchita zimene anaphunzitsidwa, ndipo akuchita mwachikondi. Mukafunsidwa, fotokozani chikhulupiriro chanu mofatsa ndi mwaulemu, makamaka misozi itauma. Tonse tikuyembekezera kuuka kumodzi.

Mawu anga otsiriza ndi awa. Mtima umene ukufuna kupempherera amene anapita uli ndi ntchito yambiri pakati pa amene alipo. Madzi akatayika sawoleka. Bambo anu amene simunalankhule nawo zaka zitatu ali moyo. Aimbireni foni sabata ino. Mwana wanu wosochera uja ali moyo. Fayilo yake ikadali pa desiki, musatope kumutchula pamaso pa Mulungu. Ndipo inu anzanga a imvi, tengani pepala, lembani Salmo ndi lemba limene mukufuna lidzawerengedwe pa tsiku lanu, muike m'Baibulo, muuze ana anu. Kutero si kuitana imfa. Ndi kusiyira ana anu ulaliki womaliza, ndi kuwapeputsira katundu pa tsiku limene maganizo awo adzakhala atabalalika.

Mulungu wa chitonthozo chonse akhale ndi onse amene ali pa chisoni sabata ino, ndipo atisunge tonse m'chiyembekezo cha kuuka kwa akufa. Amen.